Liwu lomwe ndege inameza

Kwathu kuno ku Chileka ndege ikamadutsa timasiya kaye kuyankhula. Olo muli pakati pa mkangano mumangoyang'anana pakamwa pali yasa mpaka idutse, kenako nkupitiriza kutukwanana pomwe munasiyira kkkk. Aliyense amazidziwa zimenezi kuyambira ali kumbuyo kwa mayi ake. Koma achimwene aja a kafukufuku sanali a kuno ndiye sankadziwa.

Tsiku lomwe anabwera ine ndinali kusukulu. Pobwera ndinapeza anganga anga a Sikina, omwe anabereka mayi anga, atakhala pansi pa mtengo wa mango atavala mpango wawo wa pa Idi. Tsiku wamba abale! Akumwetulira okhaokha ngati mtsikana woti wangofunsiridwa kumene.

"Tahira, ine ndikupita."

"Kuti anganga?"

Analoza kumwamba ndi chibwano.

Ati kunabwera mnyamata waulemu wonyamula tabuleti, wa bungwe lina loona za anthu okalamba, dzina lake Christmas. Eee Christmas kkkkk, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Anawafunsa zaka zawo, za bipi, ngati amagona bwino, kenako anawerama nkufunsa motsitsa mawu kuti agogo, kodi ulendo wanu munaukonzekera? Ndipo nthawi yomweyo ndege inali ikudutsa pamutu pawo penipeni, mnyamatayo nkuyang'ana kumwamba.

"Ndiye ukufunanso chani? Wanena ulendo, wayang'ana ndege. Ndine mwana ine?"

"Inu munayankha kuti chani?"

"Ndinati ayi mwanawe, sindinakonzekere olo pang'ono, koma ndikonzeka. Analemba pa chinthu chake chija."

Muwadziwe kaye anganga anga. Si aja onena nthano ayi. Awa ndi a mafuta onunkhira, a kagalasi m'thumba, oti akamapita ku mjigo amasintha chitenje. Anakwatiwira kuno bwalo la ndege lili kuseri kwa nyumba, agulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu wa kubwaloko mpaka maondo atakana, ndege amazidziwa ndi kulira kwake, amangoti iyo ndi ya ku Joni, ako ndi kakang'ono ka azungu a mpingo. Koma mkati mwa geti sanalowemo chibadwire. Mayi anga ali ku Joni konko kuganyu, ndiye pakhomo timakhala awiriwiri ine ndi iwo.

Mawa lake mudzi wonse unali utamva kuti a bungwe akulemba okalamba oti akakwere ndege. Christmas uja anali akuzungulirabe m'midzi ndi funso lake, ndiye aliyense yemwe anamufikira anali atauzidwa kale poyankha, ukati wakonzeka sakupatsa kanthu, uziti ayi sindinakonzekere.

Yekha yemwe sanalembedwe anali a Duwa, a neba athu, amayi a mvano, mnzawo wa anganga kuyambira ali atsikana. Tsikulo anali kuchigayo kkkk. Zinawapweteka mpaka m'mafupa.

"Ndege yake iti yonyamula nkhalamba zopanda mano?" ankatero pa mpanda.

"Yomweyo yosiya a mano awiri akupetetsa mgaiwa," anganga ankayankha osatembenuka nkomwe.

"Pasipoti muli nayo inu a Sikina?"

"Za ku Lilongwe sizifuna pasipoti. Kusayenda kumeneko a Duwa."

Inenso ndinakhulupirira, ndisaname. Masiku amenewo anali okoma ngati maloto a masana. Ndikaweruka kusukulu tinkayala mkeka pansi pa mango, kukutentha koti olo nkhuku zili gada, phiri la Michiru likuoneka ngati likusungunuka mu utsi. Tinkagona chagada tonse awiri kudikira. Ndege ikamabwera mthunzi wake unkayamba kaye kudutsa pa mpanda, pa bafa, kenako pamimba pathu fyuu ngati wina watikoka bulangete. Ikapita anganga ankayamba.

"Kumwamba uko nyumba zimakhala ngati machesi. Anthu ngati nyerere. A Duwa ndiye sadzaoneka nkomwe."

"Mitambo nayo anganga?"

"Mitambo ndidzaigwira. Ndidzauza mtsikana wa m'ndegeyo anditsegulire windo pang'ono, ndidzakutapira m'jumbo."

Ndinkaseka mpaka m'mimba kuwawa. Kenako anganga ankayang'ana kumwamba, nkunena ngati akuyankhula ndi mtengowo, "Ndikungofuna ndione denga la nyumba yanga kuchokera pamwamba. Basi. Ndakhala pansi pake moyo wonse."

Anatsitsa sutikesi yawo ya buluu pamwamba pa kabati nkuipukuta ndi mafuta ophikira kuti iwale. Ankayeserera kukwera masitepe pa chulu cha kuseri, dzanja limodzi pa chitenje lina likubayibitsa. Mbuzi za a Duwa ndiye zinabayibitsidwa mpaka zinazolowera kkkk.

Mango atayamba kupsa Christmas anabweranso pa kabaza. Anganga anali kumzikiti, ndinamulandira ndine. Wamtali, woonda, shati yoyera ya bungwe, maso ngati a mwana wa ng'ombe. Anati pali msonkhano Loweruka ku Lirangwe, okalamba onse omwe anafunsidwa kuchokera ku Chileka mpaka kumeneko akamve zomwe kafukufuku wapeza.

Ine mtima uli dyokodyoko ndinati, "Ndiye ndege yake inyamuka tsiku lomwelo achimwene?"

"Ndege yanji?"

"Ya ulendo uja munawafunsa."

Abale munthu ndinamuona akusintha mtundu. Anakhala pa mtondo wosinjira osaitanidwa, tabuleti pa maondo.

"Chemwali, sizinali za ndege. Funso lija m'Chingelezi limafunsa ngati okalamba amakonzeratu za, za mapeto. Za tsiku lawo lija. Komwe adzagone, yemwe adzatsale ndi munda, zimenezo."

"Nanga bwanji simunanene choncho?"

"Ndinganene bwanji? Gogo wandiyalira mkeka, wandipatsa thobwa, ine ndiziti mukadzafa? Ndinati ulendo wanu womaliza. Womaliza! Ndinanena ine!"

"Ndege ikudutsa?"

Anaganiza. Anagwira pamutu.

Ndinaseka abale, ndinaseka mpaka kukhala pansi pa dothi, iye akungoti chonde chemwali chonde si zoseketsa. Kenako ndinaona sutikesi ya buluu ikuwala pakhomo la chipinda ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anganga anga atsanzika mudzi wonse. Loweruka akanyamula sutikesiyo mpaka ku Lirangwe, pamaso pa nkhalamba za midzi yonseyo, pamaso pa a Duwa, nkukamva kumeneko kuti ndege kulibe.

"Muwauze ndinu," ndinatero.

"Ine ndili ndi midzi ina yoti ndifike. Iwe ndi mdzukulu, akumvera." Anakwera kabaza ngati wathawa galu.

Ndiye ndinayesa. Mulungu ndi mboni ndinayesa. Koma liwu lija, lija lenilenilo, mwana saliuza wamkulu kumaso, amati ukumufunira. Likafika pa lilime limabwerera lokha. Ndinaganiza kuti ndizungulire ngati momwe akuluakulu amanenera pa maliro, amva okha.

Anganga anali akukazinga mtedza wa pa ulendo. Ndinagwada pambali.

"Anganga, ulendo uja akuti ndi wopita kumwamba kwenikweni."

"Nanga ndege imapita pansi?"

"Ndikutanthauza kuti mudzatisiya."

"Eya ndikusiyani. Ukufuna ndikuike m'sutikesi?"

"Akuti wina amatsogola, ena amatsatira pambuyo."

"Ndi momwemo. Ine nditsogola, a Duwa adzabwera gulu lachiwiri akadzawalemba."

"Munthu amapita yekha anganga."

"Tikiti ndi imodzi, ndikudziwa."

"Sanyamula kanthu."

"Eee ndinamva, amayeza makilo. Mtedzawu ndiika m'thumba la malaya."

"Akuti amakapuma!"

"Alhamdulillah. Wanditopetsa mjigo uwu."

Ine kuseka kukubwera kulira kukubweranso, ndinangokuwa, "Sabwerera anganga! Omwe amapita ulendo umenewo sabwerera!"

Anasiya kutakasa. Anandiyang'ana. Ndinati eya tsopano amva.

"Bodza," anatero. "Zonse zomwe zimanyamuka apa zimabweranso, ndakhala ndikuziona ine usanabadwe. Wakuuza ndani, a Duwa?" Kenako anandisisita tsaya ndi dzanja lofunda la mtedza. "Usaope iwe. Ndidzakugulira nsapato."

Ndinathawira ku bafa. Sindikudziwa ngati ndinkaseka kapena chani, madzi okha ndi omwe ankatuluka m'maso.

Loweruka m'mawa pakhomo panali anthu ngati pa chinkhoswe. Wina akuti mukatigulire maapozi, wina akuti mukapereke moni kwa mwana wanga ku Area 25 ngati kuti ndege imaima pa siteji. A Duwa anabwera atatchena, ati ndikukaperekeza kuti ndikaone bodzali ndi maso anga. Koma titafika pa msewu anatulutsa juzi yawo yofiira ya ubweya, ija savala wamba, nkuwaponyera anganga pamiyendo osawayang'ana.

"Akuti kumwamba kumazizira. Mudzabweze, si yanu."

Ine ndinkangoti ndinena pa siteji. Pa siteji ndinati ndinena m'minibasi. M'minibasi ndinati ndinena pa Kameza posintha.

Anganga ankang'ung'udza kuti bwalo la ndege lili kuseri kwa nyumba ife tikulithawa, kenako anadziyankha okha kuti a mabungwe ndi choncho, amakayambira kutali kuti aitane mayina bwinobwino. Titadutsa Lunzu msewu unayamba kuchita madzimadzi patsogolo, aja umawaona koma suwafika. Milu ya anyezi ndi tomato ikuthawa chammbuyo, milambe ikubwera umodziumodzi ngati anthu onenepa akuyenda m'tulo. Minibasi ikamatsetsereka anganga ankatseka maso nkukweza mapazi pang'ono kuti asagunde pansi. Ankamwetulira. Mphepo ikuwombetsa mpango wa pa Idi uja. Sindinawaonepo okongola choncho. Ndiye munene inuyo, mukanatha?

Msonkhano unali mu holo ina kuseri kwa msika wa Lirangwe, ya malata otentha ngati uvuni. A ku Lirangwe anakhala mbali imodzi chimanjamanja. A kwathu ku Chileka mbali ina, onse atatchena. Nditayang'ana pansi pa mabenchi ndinangoti mayo ine. Zikwama. Majumbo. Agogo ena aamuna bulangete lomanga ndi chingwe cha mphira, tayi pakhosi. Si anganga okha! Christmas anali kutsogolo akulumikiza mawaya, ataona katunduyo thukuta linayamba kuchita kudontha pa chibwano kkkk.

Kunaimirira mayi wamkulu wa kafukufukuyo, wonenepa bwino, magalasi pamphumi, wa mawu ofatsa. Anathokoza, nkunena kuti, "Makolo athu, tapeza kuti mwa okalamba khumi aliwonse, asanu ndi atatu sanakonzekere, ndipo ambiri nkhaniyi sanaiganizirepo nkomwe. Koma ku Chileka ndiye kwaposa. Kumeneko pafupifupi aliyense anati ayi."

A Chileka anaomba m'manja! Nthungululu mpaka malata kunjenjemera kkkkk. Anganga anagunda a Duwa ndi chigongono, ati mwamva, tapambana.

Mayi aja anatsitsa magalasi pa mphuno, anayang'ana pepala lawo, anayang'ana Christmas. Christmas anayang'ana nsapato zake.

"Chabwino," anatero pang'onopang'ono. "Ife tabwera kuti mutiuze ngati zomwe tapezazi zili zoona."

Kumbali ya Lirangwe kunadzuka agogo ena aafupi a ndodo, anati dzina lawo ndi a Potiphar.

"Si zoona. Ine funso ndinalimva bwinobwino ndipo ndinakana dala. Mwana wanuyu anandifunsa muphwa wanga atakhala pakhonde pomwepo akusenda chinangwa. Ndikanati eya ndinakonza, bwenzi usiku wake akuyeza dimba langa ndi mapazi. Zinthu zimenezi munthu safunsidwa pa gulu ngati mtengo wa feteleza."

Anthu anaseka. Mayi aja analemba, akugwedeza mutu.

Kenako a Ajibu, a ndevu zoyera ndi kofia, ogulitsa nsalu pamsika pomwepo. "Ine anandifunsa ngati ndinakonzeratu za bokosi. Ndinati ayi. Nanga ife Asilamu timalowa m'bokosi? Anandifunsa ngati ndinapita kwa loya. Ndinati ayi, za kagawidwe kathu akudziwa ndi a shehe. Ayi awiri amenewo mwandiika nawo m'gulu la osadziwa kanthu. Funso lanu linasokedwa pa thupi la munthu wina, ife mwangotiveka."

Anganga anandinong'oneza, "Bokosi la katundu? Mesa amalola sutikesi?"

Ndinayang'ana kumbali.

Mayi aja anati, "Zikomo bambo, zimenezo tazimva ndipo ndi zolakwika zathu. Nanga a ku Chileka? Mwaomba m'manja, ine sindinamvetse. Paja tikukamba za imfa. Za kukonzekera imfa."

Analitchula poyera chonchi ngati akutchula mchere.

Kunja kunkamveka wogulitsa mafirizesi. Ndinaona dzanja la anganga, lomwe linagwira chogwirira cha sutikesi kuyambira kunyumba, likumasuka chala chimodzichimodzi. Anatembenuka nkundiyang'ana.

"Unadziwa?"

Ndinavomera ndi mutu.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoyang'ana kutsogolo.

Mayi aja anali ataona zikwama tsopano. Analoza mwaulemu, "Agogo apo ndi sutikesi ya buluu, kodi mwatibweretsera chani?"

A Duwa anadzuka ngati awaluma nyerere, a Duwa omwe aja a nkhalamba zopanda mano. "Mnzangayu wabwera nayo dala! Wabwera kudzakuonetsani kuti ife timakonzekera, inu mukuti sitidziwa kanthu, ndiye anati tiyeni a Duwa tikawaonetse, ndi choncho, eti a Sikina?"

Mtima wanga unati eya eya vomerani anganga, njira ndi imeneyo.

Anganga anaimirira pang'onopang'ono, maondo akulira. Anakonza mpango.

"Khalani pansi a Duwa, bodza simulitha, mumaphethira kwambiri. Ine mayi ndimapita kukakwera ndege. Mnyamata wanuyo anati ulendo, anayang'ana kumwamba, ine ndinamva ndege. Ndauza mudzi wonse. Ndakazinga mtedza."

Palibe anaseka. Olo mmodzi. Kenako agogo a tayi aja anakoka bulangete lawo pansi pa benchi nkuliika pamiyendo.

"Ine mbuzi ndasiya kwa alamu," anatero mwachisoni. "Ndawauza kuti mwezi wathunthu."

Pamenepo ndiye holo inaphulika kkkkk. A Lirangwe, a Chileka, eni zikwama omwe, ena akupukuta misozi ndi zitenje, a Potiphar akumenya ndodo pansi ati ndege, ndege amwene! Mayi aja anabisa nkhope m'pepala mapewa akugwedezeka. Christmas anali ngati alowe pansi pa tebulo.

Anganga okha sanaseke. Anagoneka sutikesi pa benchi nkuitsegula. Anachotsa zitenje zatsopano, masilipasi, botolo la mafuta onunkhira, mkeka wawo woswalira. Pansi penipeni panali nsalu yoyera yopindidwa bwinobwino mu pulasitiki. Ine ndinali ndisanaionepo. Asilamu onse mu holomo anasiya kuseka, a Ajibu anachita kuimirira. Inali sanda, nsalu yokulungira maliro.

"Iyi ndinagula amuna anga ali moyo. Munthu sakwera chinthu chopanda mizati osanyamula sanda, ndine wopusa ine? Ndiye inu mwandilemba kuti sindinakonzekere. Ine ndinayankha funso lina, inu munalemba yankho la funso lina."

Mayi aja anatsitsa pepala. "Ndiye kuti nambala ya Chileka yonse ndi yabodza."

"Si yabodza. Ndi ya ndege. Pa za ndege sitinakonzekeredi, nanga tinakwerapo?"

Anayambanso kuseka anthu, ndipo mkangano unabuka woti funsolo lizifunsidwa bwanji. A Potiphar ati muzituma okalamba anzathu osati ana a matabuleti. Amayi ena ati ayi, okalamba anzathu ndi omwe amafalitsa nkhani, bola mlendo. A Ajibu ati funso likhale pawiri, la a tchalitchi ndi la a mzikiti. Mayi aja ankalemba mpaka bolopeni inatha anabwereka ya Christmas, ndipo anati zomwe apezazo sazitulutsa kaye, abwereranso. Christmas anabwera kudzagwada pamaso pa anganga kupepesa, iwo anangoti dzuka mwanawe ungadetse thalauzi, osamuyang'ana.

Titatuluka ena anapita kukamwa zoziziritsa kukhosi za bungwe. Anganga anakana. Anakakhala pa sutikesi yawo pakhonde la golosale ina m'mbali mwa msewu, juzi yofiira ili pamiyendo, akungoyang'ana phula likuchita madzimadzi. Kumwamba kwa Lirangwe kulibe ndege, kuli akabawi okha ozungulira. Ine ndinaima chapatali. A Duwa anakhala pambali pawo nkuyamba kudya mtedza wa pa ulendo osapempha.

Nthawi inapita.

Kenako anganga, osatembenuka, "Tahira."

"Wawa anganga."

"Unandisiya ndikubayibitsa mbuzi."

"Ndinayesa anganga, ndinati mudzatisiya, ndinati sabwerera..."

"Unazungulira ngati mnyamata uja. Nonse mumandiona ngati dzira." Anapuma. "Denga lija ndiye sindidzalionanso eti."

A Duwa anasiya kutafuna, anganga nkundikodola.

"Bwera apa. Gwada. Tandifunsa iweyo. Bwinobwino, ndi liwu lake."

Ndinagwada pa simenti yotentha. Ndinayang'ana a Duwa kuti andithandize, iwo anangokweza nsidze ati nena.

"Anganga," mawu akutuluka ngati a mwana wa mphaka, "mukadza... mukadzamwalira, mukufuna tidzatani?"

Ndinadikira kuti kumwamba kugwe. Sikunagwe. Njinga ya nkhuku inadutsa.

Anganga anapumira m'mwamba ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, ndipo nkhope yawo inayamba kubwerera, kuwala kuja kwa pansi pa mango.

"Eya. Tsopano mvera. Choyamba, mayi ako asadzadikiridwe. Ku Joni ndi kutali, ine sindigona pa mphasa kudikira basi yake. Ndiikidwe tsiku lomwelo, iye adzabwere pa sadaka mtima uli pansi, umuuze kuti ndinanena ndine asadzadziimbe mlandu. Wondisambitsa akhale a Mwanahamisi a kumzikiti kwathu. Osati mlamu wanga uja, manja ake ndi okhakhala ndipo pakamwa sasunga, mudzi wonse udzadziwa zipsera zanga. Mafuta onunkhira ndi a m'botolo ili, osati aja a pa msika."

Ine misozi ikungotsika koma ndikuseka, iwo akuwerenga ndi zala ngati akukonza ukwati.

"Ndikagone pafupi ndi mayi anga. Osati ndi agogo ako aamuna, anandilizira mkonono mokwanira. Nyumba ndi ya mayi ako, mtengo wa mango ndi wako, wina asadzaudule. A Duwa adzakhale pa mphika wa mpunga koma mchere adzathire wina."

"Iii!" a Duwa anakuwa mtedza ukugwa mkamwa. "Wakuuzani ndani kuti mutsogola ndinu? Ine bipi yanga ndi yokwera kuposa yanu!"

"Inu simungatsogole, mumachedwa paliponse. Olo kafukufuku munamuphonya."

"Ndiye ndikatsogola ine mudzabwera kutchalitchi?"

"Ndidzakhala panja pa mthunzi. Nyimbo zanu zimatalika."

"Mudzalowe! Mudzakhale kutsogolo! Tahira ukhale mboni, ndipo naweso undifunse ine, nanenso ndili nazo zanga, bokosi langa ndikufuna la..."

"Dikirani kaye, mdzukuluyu ndi wanga, sindinamalize."

Minibasi inaima patsogolo pathu, kondakitala akumenya chitseko, Lunzu Kameza tauni, Lunzu Kameza tauni, agogo tiyeni malo alipo kutsogolo! Ine ndinadzuka kuti ndinyamule sutikesi. Anganga anandikoka dilesi kuti ndigwadenso, nkuiuza minibasiyo ndi dzanja kuti izipita.

"Ikubwera ina. Tsopano za zitenje zanga. Mvetsera bwino iwe, pamenepa ndi pomwe anthu amadana."